Manda a Munthu Wamoyo

Ku Chinsapo ukafunsa za Betty Kamwendo anthu amayamba akanda kaye mutu, koma ukangoti "mayi wa mauthenga uja," ngakhale wogulitsa makala akulozera nyumba. Betty anabadwira ku Dedza, anabwera ku Lilongwe ali mtsikana kudzaphunzira utelala, ndipo mpaka lero makina ake osokera ali pakhonde pomwe paja. Kulemba pa foni sakonda, amati zala zake n'za singano. Maliro akagwa mumpingo, chinkhoswe chikayandikira, madzi akasiya kutuluka, Betty amangodina foni n'kuyamba: "Azimayi anzanga, ndi ine Betty." Mphindi zisanu osapuma. Mawu akewo anadzaza m'magulu a Watsapu, ndipo anthu ankawakhulupirira osafunsa kawiri.

Lachitatu lina m'mawa, mlamu wake Pemphani anatulukira kuchokera ku Ntchisi, maso ali psu. Anapeza Betty akusoka yunifolomu, akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Asanapereke n'komwe moni, Leston, mwamuna wa Betty, bambo a Jacqueline, anatuluka m'nyumba akutafuna chinangwa. Pemphani anakuwa, n'kukhala pansi padothi.

"Achimwene! Si inu mwamwalira dzulo?"

Pemphani anatsegula uthenga umene unafika kumudzi kuchokera pa nambala yachilendo. "Amayi, ndi ine Betty. Foni yanga yabedwa kuchipatala. Bambo a Jacqueline atisiya. Konzani kumanda, thupi tibwera nalo." Kenako kulira. Kulira kwa Betty kwenikweni, mpaka kachifuwa kamene amatsokomola akalankhula nthawi yaitali.

Betty anasiya kusoka. Anali kudzimvera yekha akulira maliro a mwamuna amene anaima pambali pake, chinangwa chili m'manja. Foni ya Leston inali kwa okonza sabata yonseyo, ndiye amene anachita izi sanali wakutali.

"Manda akumba kale," anatero Pemphani. "Ine anandituma kudzathandiza kunyamula thupi."

Dzenje la manda silisiyidwa kukamwa. Tsiku lotsatira, kumudzi kuja, adzukulu anatsitsiramo thunthu la nthochi n'kukwirira, mwini manda akuonerera. Amayi ake a Leston, a Nachisale, anamugwira mwana wawo kumaso, m'mapewa, m'manja, akulira. Betty atagwada kuti apereke moni, iwo anabweza dzanja.

"Ndinakumva ndi makutu angawa," anatero. "Mkazi salira mwamuna wamoyo pokhapokha pali chimene wakonza. Pakhomo panga usadzapondenso."

Leston anamuikira kumbuyo mkazi wake, zoona. Koma atabwerera ku Chinsapo anayamba kufika madzulo akuti wadya kale m'tauni. Zaka makumi awiri ndi ziwiri m'banja, lero munthu akuopa mbale yako! Zimenezi n'zimene zinamupweteka Betty kuposa zonse.

Amene anamumasulira nkhaniyi ndi mayi Jennifer, kasitomala wake amene ndi kalaliki ku Nyumba ya Malamulo. Anati masiku ano kuli makina a pakompyuta, awa akuti AI, amene ukawamvetsera mawu a munthu pang'ono chabe amatha kulankhula chilichonse ngati iyeyo. Betty anagwira pakamwa. Mauthenga ake onse aja, opepesa anamfedwa ndi oitanira ku mapemphero, ndiwo anaphunzitsa chinthucho kulira.

"Komiti ya aphungu ikumva maganizo a anthu pa za lamulo la makina amenewa," anatero mayi Jennifer. "Bwerani mudzanene. Zidzamveka ndi pa wailesi."

Betty za malamulo analibe nazo ntchito kwenikweni, tisanamizane. Chimene anamva iye ndi wailesi, chifukwa a Nachisale wailesi saithimitsa.

Anadzisokera diresi latsopano, n'kukwera minibasi ziwiri. M'chipinda chozizira cha ku Nyumba ya Malamulo anaika uthenga uja pa zokuzira mawu. Kulira kutayamba, aphungu anayang'anana, wina anavula magalasi, mayi wina anati "Mayo!" mokweza, kuiwala kumene ali. Betty anaimirira n'kusankha mawu mosamala monga sanachitirepo chibadwire.

"Olemekezeka, munthu akaba nkhuku yanga ndimadziwa kokadandaula. Uyu waba mawu anga, wakumbitsa manda a mwamuna wanga, ndipo sindikudziwa kuti mlandu wake dzina lake n'chiyani. Inu ndi amene mumapatsa milandu mayina. Chonde, lembani kuti mawu a munthu ndi ake. Ndipo apongozi anga ngati akumva, Amayi, sindinali ine."

Wapampando anamuthokoza, ndipo anati zimenezi zilowa mu lipoti lopita ku Nyumba yonse. Betty anatuluka mtima utapepuka koyamba m'miyezi iwiri.

Mawa lake masana Pemphani anaimba. Anati mudzi wonse unamvera, a Nachisale atakhala patsogolo penipeni.

"Ndiye akuti bwanji, alamu?"

Pemphani anazengereza. "Akuti tsopano amvetsa kuti makinawo alipodi."

"Ambuye alemekezeke!"

"Dikirani, alamu. Akuti makinawo ndi aja analankhula pa wailesi. Akuti Betty amene akumudziwa iwo salankhula modekha choncho, ngati wowerenga nkhani. Koma kulira kuja akuti kunali kwanu."

Betty anakhala pansi pafupi ndi makina ake osokera.

"Apatseni foniyo," anatero. "Ndilankhule nawo ndekha."

Anamva mapazi, chitseko, kunong'onezana. Kenako Pemphani anabwereranso pa foni.

"Akuti adziwa bwanji kuti ndi inu?"