Kamushafuti ya m'galimoto ya alamu anga

Inu owerenga, ine ndinaononga chilamu chifukwa cha chitsulo chimodzi, ndipo ndikakumbukira ndimadzipsera mtima ndekha.

Ndimaphunzira zaumakaniko pakoleji ina kuno ku Nairobi, ndipo ndimakhala ku Kahawa kwa mchemwali wanga. Amuna awo amagwira ntchito kubungwe lina la mpingo. Tinkaserewulana monga chimakhalira chilamu. Iwo ankanditcha injiniya wapabolodi, ine ndinkawaseka kuti galimoto yamphamvu chotero amaiyendetsa ngati ngolo.

Alamuwo popita kumudzi ku Dedza kukamanga chiliza cha bambo awo, anandisiyira makiyi a galimotoyo pa chifukwa chimodzi. Mchemwali wanga anali woyembekezera, masiku atayandikira, ndipo ine ndinali woti ndidzawathamangitsire kuchipatala.

Sabata yomweyo anzanga anandiuza za mpikisano wa liwiro cha ku Kitengela, womwe magalimoto awiri amapikisana pamtunda waufupi wowongoka. Fundi wina, monga amatchulira makaniko kuno, anandinyengerera kuti tichotse kamushafuti, chitsulo chomwe chimatsegula mavalavu mu injini, tiikemo yaikulu. Akuti injini ikamapuma kwambiri imakokanso kwambiri. Sikuti ananama. Koma kamushafuti yaikulu imafuna kuti masipuling'i a mavalavu ndi kompyuta ya galimoto zisinthidwenso kuti zigwirizane nayo. Izi ndinkazidziwa, tinaphunzira m'kalasi, koma phuma linandigwira, tinaiikamo basi. Ndinadziuza kuti ndi alamu awa, akadzamva tidzangoseka.

Pampikisano paja ndinachita manyazi. Ponyamuka galimoto inachita chidodo, ndipo mphamvu zake zinabwera mnzanga atadutsa kale mzere. Kuthamanga sikufikadi.

Ndinati ndibwezeretsa chitsulo chakale Loweruka. Loweruka lisanafike, Lachiwiri m'mawa, mchemwali wanga anayamba kumva kupweteka. Injini inkagwedera, ndikangoima pang'ono n'kuzima. Mu jamu ya pamsewu wa Thika, magalimoto atathithikana, inazima kanayi, kenako inakaniratu. Makondakitala a maminibasi, omwe kuno amati matatu, ankandikalipira kuti "Songa!" kutanthauza kuti ndisunthe, ine ndikukankha galimoto, thukuta kamukamu. Mchemwali wanga, matenda atawagwira chomwecho, anakwera bodaboda, njinga yamoto ya kabaza, mpaka kuchipatala. Sindidzaiwala mmene anagwirira chitsulo chakumbuyo kwa njingayo.

Mwana anabadwa bwinobwino, koma osati chifukwa cha ine.

Alamu atabwera sanakalipe, ndipo n'zimene zimandipweteka kwambiri. Anamvetsera zonse, n'kutambasula dzanja.

"Makiyi aja, bambo."

Chitsulo chakale ndinabwezeretsa, galimoto ikuyenda bwino. Koma kuyambira tsiku limenelo amandilankhula mwaulemu ngati mlendo wakutchalitchi. Ndayesapo kuponya nthabwala, iwo amangoti zikomo.

Anzanga okonda liwiro, musasinthe chitsulo chimodzi n'kumayembekezera zozizwitsa, injini imafuna kuti zonse zigwirizane. Koposa apo, munthu akakusiyirani makiyi, kumbukirani chimene wakusiyirani. Kuserewulana si chilolezo. Ine m'mawa uliwonse ndimadikira kuti wina anditchulenso injiniya wapabolodi, koma chimene ndimamva ndi "Mwadzuka bwanji, bambo?"