Fumbi Lakuda pa Mbaula ya Amayi

Chaka chomwe ndinkamaliza kafukufuku wanga ku yunivesite ndinkakhalabe ndi amayi ku Chawama, m'nyumba ya zipinda ziwiri, china chodzaza nsalu ndi makina awo osokera. Ntchito yanga inali ya tinthu tosaoneka ndi maso: timachubu ta kaboni, toonda kuposa tsitsi kutalitali, ndi timawaya tachitsulo tomvera maginito. Tikaunjikana timangooneka ngati mwaye. Kulabu sitinkatsegula botolo la tinthuti popanda magolovesi ndi chophimba kumphuno, chifukwa mabuku amati fumbi lotere likalowa m'mapapo likhoza kukhazikika momwemo osatulukanso.

Tsiku lina aphunzitsi anandituma ndi timabotolo tiwiri ku fakitale ina kumene kunali makina oyezera. Kena kanali ka timawaya tili m'madzi, kena ka ufa wouma wa timachubu tija. Ndinapeza magetsi atathima, geti chitsekere. Ndinabwerera nato kunyumba, n'kutiika pashelefu, ine ulendo kukaima pamzere wa madzi.

Pashelefu pomwepo m'pamene amayi amasunga maginito a sipika ya wailesi yakale, otolera mapini. Zakuda za m'kabotolo kamadzi zinayamba kukwawa, kukwera m'mbali mwa galasi kulondola maginito aja, amayi akuona. Iwo ndi munthu wamapemphero, ndipo anali atamva kale kutchalitchi kuti ana a ku yunivesite ena amakhozera mayeso zakumidima. Ufa wakuda wa m'kabotolo kenako ankati akuudziwanso bwino, ati ndi uja asing'anga amapaka m'mphini.

Ndikubwera ndi chigubu pamutu, ndinamva nyimbo pakhomo pathu. Azimayi a kwaya anali atazungulira mbaula. Amayi anali chogwada pakati, akukhuthulira ufa wouma uja pamakala, n'kumauzira moto ndi pakamwa. Kafumbi kankabwerera kumaso kwawo.

Chigubu chinagwa. Ndinakuwa ngati wamisala.

"Amama, chokaniko! Osapema! Fumaniponi mwense!"

"Mwaona? Chayamba kukamba," anatero mayi wina, nyimbo n'kukwera.

Ndinawakoka amayi pamkono, ndinawasambitsa kumaso ndi madzi otsala m'chigubu, ndikulira. Pamilomo pawo panali bii, m'mphuno momwemo. Ndinayesa kufotokoza za mapapo, za maginito, koma mawu anga a kusukulu ankangogwa pansi. Ndinapsanso mtima, ndisaname. Anthu akuluakulu, osayamba afunsa!

Amayi anandiyang'ana, maso ofiira ndi utsi.

"Manje unali kufuna nichite bwanji? Nione chinthu chiyenda cheka mu nyumba mwanga, nichisiye chikudye?"

Mawa lake ndinawatengera kuchipatala. Adokotala anawamvetsera pachifuwa, anati sakumva chachilendo. Nditawauza dzina la fumbilo anakanda m'mutu, nati alibe choyezera zimenezo. Aphunzitsi anga anati mwina lambiri linapsera pamoto, ndipo kupuma kamodzi si kupuma kwa zaka. Mwina. Palibe anandiuza kuti ayi, palibe anandiuza kuti inde, ndipo ine wophunzira zimenezi ndinkadziwa kuti sakundibisira kanthu.

Amayi amatsokomola m'mawa uliwonse akamakoleza mbaula. Ankatsokomola choncho kuyambira ndili mwana, ine osalabadira. Tsopano chifuwa chawo chikangoti khoo, ndimasiya chilichonse chomwe ndagwira n'kutchera khutu, kumva ngati chasintha. Ndimaopa, ndipo manthawa sanandichoke mpaka lero.

Tsiku lina anandipeza ndaima pakhomo la chipinda chosokera, ndikuwamvetsera kupuma. Anaimitsa makina, n'kuchotsa pini pakamwa.

"Ukali kuyopa vija vinthu vako?"

Ndinavomera ndi mutu.

"Leka kuyopa, mwana wanga. Ngati chinali kufuna munthu, chinapeza ine. Iwe sichinakugwire."

Anabwezera pini pakamwa, makina n'kuyambanso kulira.