Simukhadi ya ku Zambia

Pepala la malangizo lija ndikadali nalo, ngakhale chiswe chinadya ngodya imodzi. Anandipatsa ku ofesi ku Lilongwe tsiku limene ndinkatenga laputopu, bungwe lathu litandilola kukagwirira ntchito kumudzi kwathu kwa Mlonyeni. Bambo anali atadwala sitiroko, mayi anatisiya kalekale, ndipo mwana wamwamuna woti n'kuwasambitsa ndi kuwatembenuza pamphasa ndinali ine ndekha. Chilolezo chimenecho ndicho chinandilola kusunga zonse ziwiri, ntchito ndi bambo.

Ntchito yanga inali yolemba mu kompyuta madandaulo a matenanti a m'maesiteti a fodya: dzina la munthu, kumene anachokera, ndi zimene akapitawo anamuchita. Dzina limodzi likanatuluka, banja lonse likanathamangitsidwa pa esiteti. Choncho malangizowo sindinkawatenga mwachibwana. Pasiwedi osauza munthu. Foni kapena fulashi ya wina osalumikiza ku laputopu. Wayifayi ya pagulu osaikhudza. Pogwira ntchito khalani m'chipinda chokhoma, pasakhale wina woona zimene mukulemba. Amene analemba zimenezi ali ndi chitseko kwawo. Kwathu pakhomo la chipinda pamalendewera chitenje, ndipo m'kati muli mdima masana omwe, motero ofesi yanga inali khonde.

Ndinamvera, ndipo kumverako kunandidanitsa ndi anthu. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anabwera m'mawa wina ndi foni yawo itatha moto, chingwe chili m'manja.

"Tandiikireniko pamakina anuwo, asuweni anu andiimbira masana."

"Pepani azakhali, ku ofesi salola."

"Ha! Ndiye sukulu ija munkapitira kuti muzidzatimana moto?"

Pofika Lamulungu, mpingo wonse unali utadziwa kuti mwana wa ku Lilongwe uja ndi wonyada. Zinandiwawa, koma ndinkadzitonthoza kuti ndikuteteza anthu.

Za bambo ndiye zimandipweteka mpaka lero. Sabata yoyamba ija ankati akandiona ndakhala pakhonde, amadzikoka ndi ndodo, mwendo wakumanzere ukukhwekhwereza, n'kudzakhala pampando pambali panga. Maso awo anali atafooka, Chingerezi sankachidziwa. Koma pepala silinanene kuti kupatula nkhalamba zosaona bwino, ndiye akayandikira ine ndinkaweramitsa chivundikiro cha laputopu.

"Iwe, tandionetsako ntchito imene umagwirayi," anatero tsiku lina, mawu akutuluka mbali imodzi ya pakamwa.

"Bambo, ndi zachinsinsi za ku ofesi. Salola."

"Oo. Salola."

Sanakwiye. Anangokoka mpando wawo pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa khonde, pafupi ndi mtondo. Kuyambira tsiku limenelo, akangomva ndikutsegula zipi ya chikwama, ankasuntha okha osadikira kuuzidwa. Miyezi isanu ndi iwiri tinakhala choncho, ine uku iwo uko, pakati pathu nkhuku zikudutsa.

Tsono netiweki. Ya kuno kwathu imabwera ikafuna, ndipo malo ake odalirika ndi pachulu cha kuseri kwa khola. Mvula itayamba, ngakhale pachulupo inasowa. Koma ya ku Zambia, poti malire ali pafupi, imalowa mpaka kukhitchini. M'mudzi mwathu aliyense ali ndi simukhadi ziwiri, ndipo palibe amene amaona chachilendo. Amayi ogulitsa nyemba amabwera nazo kuchokera ku Zambia monga amabwerera ndi sopo ndi zitenje. Malipoti anga anali atachedwa masiku anayi. Ndikanatha kukwera kabaza kupita ku Boma kukapempha wayifayi pamalo ogona alendo, koma pepala linaletsa, komanso bambo akanatsala okha tsiku lonse. Ndinaliwerenga kawiri pepalalo, mzere ndi mzere. Za simukhadi munalibemo. Ndinaika ya ku Zambia mu foni, ndinalumikiza laputopu, ntchito n'kuyamba kuthamanga. Masabata awiri ndinali munthu wokondwa, mpaka kumadziyamikira kuti ndine wochenjera.

Lolemba lina m'mawa pasiwedi inandikana. Ndisanayese kachitatu, foni inalira. Anali mkulu woyang'anira makompyuta ku ofesi.

"Achimwene, muli kuti?"

"Pakhonde pathu."

"Makina athu akuonetsa kuti akaunti yanu ikutsegulidwira ku Zambia."

"Ndi simukhadi chabe, akulu. Ine ndili ku Mchinji, bambo anga awa ndikuwaona."

"Mubwere Lachitatu ndi laputopuyo. Abwana akufuna kukuonani."

Ndinachita kukagwada kwa azakhali aja kuti adzakhale ndi bambo. Anavomera, koma anayamba andiyang'ana kuchokera kumapazi mpaka kumutu.

Ku ofesi ndinapeza abwana athu, mayi wodekha woyankhula motsitsa, atakhala ndi mkulu wa makompyuta uja. Anati pali ziwiri: mwina ndinapereka pasiwedi kwa munthu wa kunja, kapena ndinatuluka m'dziko ndi zinsinsi za matenanti popanda chilolezo. Ndinatulutsa kasimukhadi kaja n'kukaika patebulo. Ndinafotokoza za chulu, za mvula, za amayi a nyemba. Ndinawauza kuti akwere minibasi, afike kwathu, aime pachulupo ndi mafoni awo aone okha. Mkulu wa makompyuta anangomwetulira. Ndinadziwa kuti chibadwire sanapitirirepo pa Kamwendo.

"Takumvani," anatero abwana. "Koma otithandiza akunja amaletsa kuti uthenga wa anthu athu udutse pa netiweki ya dziko lina. Zili m'buku la malamulo."

"Buku liti, abwana? Ine munandipatsa pepala limodzi."

"Nanga bwanji simunafunse?"

Yankho la funso limenelo linali lochititsa manyazi mu ofesi yozizira ija. Sindinafunse chifukwa kwathu munthu safunsa chilolezo choikira simukhadi, monga safunsa potunga madzi pamjigo. Zimene pepala linatchula ndinazisunga mpaka kudana ndi abale. Chimene silinatchule, chifukwa olemba ake sankadziwa n'komwe kuti chiliko, ndicho chinandigwetsa.

Sanandichotse ntchito, ndipo ankayembekezera kuti ndiwathokoze. Anangoti chilolezo chogwirira ntchito kumudzi chathera pomwepo. Laputopu itsale, ine ndiyambe Lolemba ku ofesi, apo ayi ndilembe kalata yosiya. Palibe dzina la tenanti ngakhale limodzi limene linatuluka, anafufuza okha n'kuvomereza. Koma anati chitetezo ndi chitetezo. Mankhwala a bambo ankachokera pantchito yomweyo, ndiye ndinati zikomo. Mawu amenewo ndimadana nawo mpaka pano.

Ndinafika kumudzi Lachinayi masana, chikwama chili pepuu. Ndinakambirana ndi azakhali kuseri kwa nyumba, ndipo anavomera kusamukira kwathu. Zowasambitsa bambo anati apempha mwamuna wa kumpingo azibwera kawiri pa sabata. Sananditonze, ndipo kusanditonzako kunandipweteka kuposa chitonzo.

Bambo anamwalira miyezi inayi pambuyo pake, ine ndili mu ofesi ya chitseko chokhoma bwinobwino, pa netiweki yovomerezeka. Koma chimene chimandibwerera si maliro ayi. Ndi Lachinayi lomwe lija. Nditamaliza ndi azakhali ndinakakhala pakhonde, pamalo panga pa nthawi zonse, manja ali pamaondo. Bambo anali kumapeto kwawo kuja, pafupi ndi mtondo. Anayang'ana chikwama, anayang'ana ine.

"Makina aja ali kuti?"

"Atsala ku ofesi, bambo."

Anagwira ndodo, n'kuyamba kukoka mpando ndi dzanja lawo labwino lija, pang'onopang'ono, mpaka unagunda wanga. Asanakhale anandiyang'ana ngati mwana wopempha.

"Ndiye lero alola? Ndikhale pano?"

"Khalani, bambo."

Anakhala, phewa lawo litatsamira langa, akupuma mwaphuma koma nkhope ili yowala. Ndinali ndisanawauze kuti ndinyamuka Lamulungu.