Lusubilo Anayambira Kulira pa Siteshoni

Lusubilo Mwafulirwa ndinkakhala naye nyumba imodzi ku Morley, kutsidya kwa nyanja, tonse tikugwira ntchito yosamalira okalamba. Ndi mayi wa ku Karonga, wamfupi, wosachedwa kuyankha. Ukamuputa umachita kudziwa kuti lero wagwa nayo.

Amayi ake anamwalira mu Januwale 2021, malire ali otseka chifukwa cha Kovidi. Maliro anaonera pafoni atakhala pabedi, akudziluma mlomo poopa kusokoneza aneba. M'mawa mwake anavala masiki nkupita kukasambitsa amayi a eni ake. Mchimwene wake Overtone anamulembera kuti, "Wasankha azungu, wataya amako." Sanamuyankhe. Zinandiopsa, chifukwa Lusubilo sasunga mawu.

Malire atatsegulidwa, kuntchito anazengereza kumupatsa tchuthi mpaka Novembala 2022. Tsiku la ulendo wake wa kumudzi ndinamuperekeza pa sitima yatsopano yodutsa pansi pa nthaka mpaka kubwalo la ndege. Titangotsika, iye anaika chikwama pansi, nkutulutsa chitenje, nkumanga m'chiuno.

"Iwe, ukutani?" ndinamufunsa.

"Kwathu wobwera pamaliro salowa pakhomo duu ngati wadzagula tomato," anatero. "Amayambira kulira panjira. Njira ya kwathu yayambira pano."

Anakhala pansi, miyendo tambalale, nayamba kulira mokweza, akuitana amayi ake m'Chinkhonde. Mawu anamveka siteshoni yonse. Anthu okoka masutikesi anaima. Ine manyazi anandigwira, sindinama. Ndinasuntha pang'ono nkumayang'ana foni ngati sindikumudziwa.

Kunabwera mlonda, bambo wamtali wodekha, nafunsa m'Chingerezi ngati wavulala. Kenako anamupempha kuti adzuke, akamupezere chipinda chabata.

Lusubilo anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Chipinda ndakhalamo pafupifupi zaka ziwiri," anamuyankha. "Munati tisayende, sindinayende. Munati titseke pakamwa, ndinatseka. Lero ndilira amayi anga poyera. Ngati ndi mlandu, mundimange ndikamaliza."

Bamboyo anacheukira kwa ine. "Muli naye limodzi?"

Lusubilo anandiyang'ana, maso ali psuu. Sanandipemphe kanthu. Koma ndinakumbukira tsiku lija ankaonera maliro pafoni: ndinangomupangira tiyi nkutseka chitseko kuti asamveke. Mtima unandipweteka. Mkazi wamkulu ngati ine, wa Mvano, kumusiya mnzanga akulira yekha kawiri konse?

"Tili limodzi," ndinatero. "Pano pali maliro."

Chitenje ndinalibe, ndiye ndinavula juzi nkumanga m'chiuno. Ndinakhala pansi pambali pake, phewa kuphewa, ndipo iye atayambanso, ine ndinalandira.

Sitima ina inafika, inatsitsa anthu, inapita. Mlonda uja anangoima chapatali nkumawalozera anthu kuti azitilambalala.

Atamaliza, Lusubilo anatulutsa foni, najambula uthenga wamawu kupita kwa Overtone, mawu ali osasa: "Uwauze azimayi ayale mphasa. Mwana wa malemu ali m'njira, ndipo wayamba kale kulira."