Nsambo Yovomera

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, bambo awo a amayi, ndimamva fungo la fodya wouma m'chigafa, fungo lija lokanda kukhosi, pamodzi ndi phokoso la masamba opachikidwa pa mikangala akamakhudzana mphepo ikadutsa masana. Kumudzi kwathu kufupi ndi Mitundu, chigafacho ndiye chinali nyumba yawo yeniyeni. Ankakhala mmenemo pa thumba lopinda, gitala yawo yakale ya ku Joni itatsamira mzati, nsambo zina zili za waya wa mabuleki a njinga.

Agogo anali mkamwini wochokera ku Nathenje. Agogo aakazi atamwalira, ine ndili wakhanda, abale a agogo aamuna anabwera kudzawatenga kuti abwerere kwawo monga mwa mwambo, koma iwo anakana kwamtuwagalu.

"Ndikachoka pano, adzandivomera ndani?" anatero.

Anthu anangoti ndi ukalamba, koma nkhani yake inalipo. Awiriwo anali ndi nyimbo yawo imene ankaimba akamasoka fodya, mwamuna kutsogolera, mkazi kuvomera. Mkaziyo atapita, agogo anaika mawu ake pa nsambo imodzi yopyapyala, imene ankangoikhwacha osaidina ndi chala. Iwo akaimba mzere wawo, nsamboyo inkalira yokha ngati kuyankha. Kenako nyamakazi inapinda zala zawo, gitala n'kuwapulumuka, nyimbo nayo n'kuzima. Chimene ankafuna chinali kuimvanso yathunthu maso awo asanatsekeke, ndipo pa adzukulu onse anasankha ine, kamtsikana kouma mutu ka sitandade faifi.

Monga agogo aamuna amachitira ndi adzukulu aakazi, ankanditchula mkazi wawo. "Mkazi wanga, bwera kuno," ankatero ndikaweruka kusukulu, ine n'kuyankha kuti sindingakwatiwe ndi munthu wopanda mano. Ankaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundiika gitala pamiyendo.

Kuphunzira kwake kunali kowawa, ndisaname. Tsiku loyamba anandiwenga zikhadabo ndi lezala mpaka kumnofu, ati chikhadabo chikatalika chala sichiimirira. Ndinkafinya nsambo ngati ndikupotokola khosi la nkhuku, nsonga za zala n'kuchita matuza, mawu ake n'kumangoti phwaa. Ndikafuna kusuntha zala zakumanzere, dzanja lamanja linkaima kudikira, agogo n'kundigogoda ndi phesi la fodya: "Wopalasa njinga saleka kupalasa poti akukhota." Zonsezo zinatheka pang'onopang'ono. Chimene chinakanirira chinali chala changa chachitatu, chaulesi ngati mwini wake. M'malo moima pa nsonga, chinkagona chammimba n'kukhudza nsambo yovomera ija, ndipo pamene pamayenera kumveka yankho pankangomveka kuti thi.

Pamenepo agogo sankaseka. "Wamutseka pakamwa," ankanena motsitsa mawu. "Dzutsa chalacho, amafuna kulankhula."

Mawu amenewo ankandiimitsa tsitsi, ngakhale kunja dzuwa lili pamutu, nkhuku zikupalasa pabwalo. Amayi nawo sankakondwa nazo. Tsiku lina tikutsuka mbale anandinong'oneza kuti, "Iwe, zoimba ndi agogo akozo uzisamala. Opita amasiyidwa apume." Koma ndinkaona momwe agogo ankawondera, jekete likuwakulira mwezi ndi mwezi, ndipo ndinkawamvera chisoni kuposa momwe ndinkaopera.

Linali Loweruka, chakumasana, anthu onse atapita kumsika wa ku Mitundu. M'chigafa munali bata, ngakhale tsamba limodzi silinkagwedera. Agogo anagwira chigongono changa ndi dzanja lawo lopindikalo, n'kuchikankhira kutsogolo, n'kutsitsa chala changa chachikulu kuseri kwa khosi la gitala. Zala zinadzuka zokha, n'kuima ngati miyendo ya nkhanu.

"Tiye," anatero, n'kuyamba mzere wawo ndi mawu osasa.

Ndinakhwacha nsambo, ndipo yovomera ija inalira. Inalira moyera, motalika, kupitirira pamene waya amayenera kulekera, ndipo pansi pa kulirako panali kanthu kena kofewa ngati munthu wamkazi akuimba atatseka milomo. Fodya wa pa mkangala umodzi wokha, kumbuyo kwanga, anayamba kugwedera. Koma manja anga sanaime mpaka nyimbo inatha.

"Mkazi wanga," anatero agogo.

"Wee, agogo," ndinayankha.

"Sindikunena iwe."

Maso awo anali pamwamba pa phewa langa, odzaza misozi, ndipo ankamwetulira mwamanyazi ngati mnyamata wofunsira mbeta. Anasendera pa thumba lawo lija, kusiya malo okwana munthu mmodzi. Ine sindinacheuke. Ndinatsamiritsa gitala pa mzati, n'kutuluka chammbali ngati mwana wolowa m'chipinda cha akuluakulu mosagogoda.

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso mkazi wawo, ankangondiitana ndi dzina langa, ndipo zinandipweteka kwambiri. Sanandipemphenso kuti ndiimbe. Ankadya bwino, ankaseka okha m'chigafa, ndipo fodya wa chaka chimenecho asanapite kumsika, tinawaika m'manda pafupi ndi agogo aakazi. Abale a ku Nathenje sanalimbikirenso zowatenga.

Lero ndine mayi, ndimaimba gitala m'kwaya ya kutchalitchi kwathu, ndipo achinyamata akabwera kudzaphunzira ndimawadzutsa zala mofatsa, osawauza chifukwa chimene ndimachitira tsinya nsambo ikafa. Nyimbo ija ndimaiimba mwa apo ndi apo, ndikawasowa agogo. Mwezi wathawu ndinaiimba masana pakhonde, mwana wanga wamkazi wazaka zinayi akusewera ndi zitsekerero za mabotolo pafupi nane. Mwanayu sanaonepo ngakhale chithunzi chawo. Ndili pakati pa nyimbo, anadzutsa mutu, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga.

"Amayi, agogo awiriwo akuti mukuthamangitsa."

Sindinamufunse kuti agogo ake ati. Ndinabwerera poyambira, n'kuimba pang'onopang'ono, kuti okalamba akwanitse kutsatira.