Mkono Wanga ndi Chifundo cha Amalume

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinapsa ndi mafuta a zitumbuwa. Nkhaniyi ndimayesetsa kuifotokoza modekha, koma ndikafika pakati mtima umayamba kuwira, ndiye mundikhululukire ndikakweza mawu.

Amayi anga ondibereka anamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Kwathu kuchikazi ndi kufupi ndi Magomero, ndipo mwa mwambo wathu ndinayenera kutsala komweko m'manja mwa amalume anga a Namakhwa, eni mbumba. Koma abambo, omwe ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina pa Namadzi, anakandipempha kuti ndizikhala nawo poti sukulu inali pafupi. Amalume anavomera ndi pakamwa pokha. Apo n'kuti abambo atakwatira mkazi wina, Abiti Amidu, mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, amene ankakazinga zitumbuwa ndi mandasi n'kumagulitsa pa siteji ya minibasi. Ine ndinkadana nawo popanda chifukwa china koma chakuti anali moyo pamene amayi anga anali kumanda.

Tsiku la ngoziyo linali la msika. Abiti Amidu anali atatereka chiwaya pambaula pakhonde, ndipo anandiuza kawiri konse kuti ndikasewerere kutali. Ine makutu ndinali nditatseka. Ndinayamba kuthamangitsa nkhuku imene inajompha chitumbuwa m'beseni, ndipo ndinapunthwa pambaula paja. Chiwaya chinapendekeka, mafuta onse khuthu pamkono wanga wamanja, makamaka mkati mopindikira chigongono muja. Fungo lake silinandichoke m'mphuno mpaka lero, fungo la nthochi zokazinga losakanikirana ndi la khungu langa. Abiti Amidu anandithira ndowa yonse ya madzi, kenako anandibereka kumbuyo ngati khanda n'kuthamangira kumsewu.

Kuchipatala tinakhalako mwezi wathunthu ndi masiku. Ine ndinkagona pabedi, iwo pansi pa simenti. Tsiku lotuluka, mayi wina wa pachipatalapo, amene ntchito yake inali yowongola ziwalo za odwala, anatikhazika pansi. Anati chipsera cha moto chikamapola chimakoka, ngati chikopa cha mbuzi chikamauma padzuwa. Mukachilekerera chimakhwinyata, mkono n'kupindika, ndipo ukapindika choncho sufunanso kuwongoka. Anawaonetsa Abiti Amidu zoyenera kuchita katatu pa tsiku: kudzoza mafuta pachipsera, kusisita mpaka chifewe, kenako kuwongola mkonowo pang'onopang'ono mpaka pamene wakungika, n'kuugwira pomwepo kwa kanthawi. Anachenjeza kuti osakoka mwadzidzidzi. Anatipatsanso kathabwa komangirira mkono pogona, ndipo zonsezi anazilemba m'kabuku kanga ka kuchipatala.

“Mwanayu azilira,” anatero mayi uja, “koma misozi musamaimvere. Mukadzaona chilonda chatsegukanso, pamenepo ndiye mubwere naye.”

Nkhondo inayamba mawa lake lomwe. M'mawa uliwonse Abiti Amidu akamaliza kuswali ankayala mphasa kuseri kwa nyumba n'kundiitana. Ankayamba ndi kundithowa ndi kansalu ka madzi ofunda, kenako mafuta. Mpaka pamenepo zinali bwino. Koma akatsamiritsa phewa langa pabondo pawo n'kugwira dzanja langa, ndinkadziwa kuti yafika nthawi. Khungu linkakungika mpaka ndinkaona ngati ling'ambika. Ululu unkayambira m'chigongono n'kukwera mpaka m'khosi, zala n'kuchita dzanzi. Iwo ankangowerenga manambala chapansipansi m'Chiyao chawo, maso ali pamkono, osati pankhope panga. Akamaliza, mkono wonse unkaphwanya ngati ndalima tsiku lathunthu, ndipo ankandithowanso mpaka kuphwanyako kuchepe.

Ndinkakuwa mudzi wonse n'kumva. Ndinkawatukwana, ndinkawamenya mateche, tsiku lina ndinawaluma padzanja mpaka magazi.

“Ndisiyeni! Si inu mayi anga!”

“Ndikudziwa, mwanangu,” ankatero. “Bweretsa mkono.”

Chimene chimandipsetsa mtima n'chakuti zinthu zinkayenda. Pakhoma la nyumba ankandiimika kuti ndikweze zala mpaka pamene ndalekezera, iwo n'kulemba kamzere ndi khala. Sabata iliyonse kamzereko kankakwera. Pofika mwezi wachiwiri ndinali nditayamba kutola miyala ya phada ndi dzanja lamanja lomwelo. Ndinkaona ndi maso angawa, koma mwana sawerengera timizere ta pakhoma, amawerengera ululu wa m'mawa uno.

Kukuwa kwanga kunkafika kumsewu, ndipo mumsewumo munkadutsa amayi a kwathu popita kumsika kukagulitsa nandolo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhota kuti adzaone chimene chikuchitika kuseri kwa nyumbayo. Anangosenza zimene anamvazo n'kupita nazo kumudzi, ndipo paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Nkhani pofika ku Magomero inali itamera nyanga: mayi wopeza anathira dala mafuta mwana wamasiye, ndipo tsopano akumupotokola mkono katatu pa tsiku kuti amalizitse.

Lamulungu lina masana amalume anatulukira panjinga, pakaliyala atakweza amayi aakulu, akulu awo a malemu amayi anga. Mpando anakana, madzi anakana.

“Alamu,” anatero kwa abambo, “mwanayu tinakubwerekani kuti aziphunzira, osati azikazingidwa. Tabwera kudzatenga magazi athu.”

Abiti Amidu analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kabuku kaja. Anagwada, n'kukapereka ndi manja awiri. “Tawerengani apa, bambo. Si nzeru zanga ayi, n'za kuchipatala. Tikasiya pano, mkonowu upindika.”

Amalume anali munthu wodziwa kuwerenga. M'mawa wa tsiku lomwelo anali atawerenga mawu kutchalitchi, magalasi ali pamphuno. Koma kabuku ka masamba ochepa kokhudza mkono wa mwana wa mlongo wawo sanakatsegule n'komwe. Anangokakankha ndi kuseri kwa dzanja n'kutembenukira kwa ine.

“Iwe Felista, tanena wekha. Amakupweteka?”

“Eee, tsiku lililonse.”

“Nanga mafuta aja, anakuthira dala?”

Ndinayang'ana pansi, osayankha. Ndinkadziwa bwinobwino za nkhuku ija, koma ndinkadziwanso kuti ndikakhala chete mawa sikukhala mphasa. Amayi aakulu anayamba kulira mokweza, akuitana dzina la malemu mng'ono wawo, ndipo mlandu unathera pomwepo. Akuluakulu atatu anaima pabwalo n'kutula chiweruzo chonse pamutu pa kamwana ka zaka zisanu ndi zinayi kamene kankangofuna kuthawa ululu. Abambo anga, amene ankaona timizere tija tsiku ndi tsiku, anangoti, “Mwana ndi wanu, alamu.” Mawu anayi okha basi. Mwambo unawatseka pakamwa, kapena ndinene kuti anabisala kuseri kwa mwambo, poti sindikhulupirira kuti pali mwambo woletsa bambo kunena kuti tatsegulani kabukuko.

Tikunyamuka, Abiti Amidu anatithamangira ndi kathabwa kaja ndi botolo la mafuta. Amayi aakulu analandira, koma titangokhota anaponya zonse m'munda mwa nandolo. Anati sangalowetse m'mudzi zinthu zochokera m'manja mwa munthu wotero.

Kumudzi ndinakhala ngati mwana wa mfumu. Anandimangira chitenje m'khosi kuti mkono uzipumiramo. Kumjigo ayi, kusinja ayi, ngakhale tsache ankandilanda. Mazira amene ana ena sankawalawa n'komwe ankaphikira ine. Alendo akabwera ndinkaitanidwa kuti ndivundukule chipsera, iwo n'kugwira pakamwa, “Kalanga ine, anthu ena alibe chisoni!” Ine ndinkamva kukoma. Mkono ukakhala chopinda sunkawawa ngakhale pang'ono, ndipo ndinkati ndachira.

Patatha miyezi itatu chitenje chinachoka, koma mkono unatsala momwe chitenjecho chinausiyira. Mkati mwa chigongono munali mutamera chinthu cholimba ngati chingwe, chokoka kuchokera kumtunda mpaka kumunsi. Ndinayesa kuwongola, osatheka. Amalume anayesa kukoka kamodzi, ine n'kukuwa, iwo n'kusiya msangamsanga, akuti safuna kukhala ngati mayi uja. Ndiye mukuganiza kuti anakumbukira mawu aja akuti mkonowu upindika? Ayi ndithu. Anati onani, anamulodza. Ananditengera kwa sing'anga amene ananditema mphini kuzungulira chigongono chonse. Pachipsera chimodzi anawonjezerapo zipsera zina.

Kusukulu ndinayambanso kuphunzira kulemba ndi dzanja lamanzere, zilembo zili pendapenda ngati za mwana wa sitandade wani. Anzanga anandipatsa dzina loti Chikwakwa. Ndowa sindinkatha kudzitwika ndekha, ndinkadikira pamjigo mpaka wina andimvere chisoni. Nditakula n'kuyamba ntchito ya uphunzitsi, madokotala a m'tauni anayesa kudula chipseracho n'kuikapo khungu lina. Mkono unatambasukako pang'ono, koma anandiuza mosabisa kuti mfundoyo inakula ili chopinda, ndipo zaka zimene zinatayika sizingabwezedwe ndi mpeni. Mwana wanga woyamba ndinkachita kupempha anthu kuti andiikire kumbuyo.

Ndinawafunsapo amalume tsiku lina chifukwa chimene sanawerengere kabuku kaja. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. “Ife tinachita zoyenera mwini mbumba. Ukanafera komweko iwe.” Mawu oti pepa sanatuluke m'kamwa mwawo mpaka tsiku lawo lomaliza.

Kwa Abiti Amidu ndinapitako ndili ndi zaka makumi atatu, abambo atamwalira kale. Manyazi ndi amene anandichedwetsa. Ndinali nditamva kuti nditachoka ine, anthu anakhala nthawi yaitali osagula zitumbuwa zawo, akuti n'za mayi wootcha ana. Ndinawapeza atakalamba, akusankha mpunga m'lichero. Ndinayamba kufotokoza za tsiku lija, za kukhala chete kwanga, koma anandidula.

“Iwe unali mwana,” anatero. Anagwira mkono wanga, n'kuyendetsa chala pachipsera kwa nthawi yaitali. “Wolakwa ndine. Ndikanakutsatira komweko, ngakhale akanandigenda. Ndinaopa pakamwa pa anthu.”

Pa anthu onse a m'nkhaniyi, amene anapepesa ndi yekhayo amene sanalakwe. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi ukali, ndipo ukaliwo sunathe.

Lero ndikudziwa chimene sindinkachidziwa pamphasa paja. Kulira kwa mwana amene akuwongoledwa ndi kulira kwa mwana amene akuzunzidwa kumamveka chimodzimodzi ukaima kumsewu. Wofuna kusiyanitsa ayenera kukhota, kulowa kuseri kwa nyumba, kufunsa ndi kuwerenga. Abale anga ankandikonda, zimenezo sindikana, koma chinali chikondi chaulesi, chofuna kuti mwana asiye kulira lero kuti iwo mitima ikhale pansi. Amati chifundo chinapha nkhwali. Ine sichinandiphe, chinangondisiya kuti ndizichisenza m'thupi tsiku lililonse, povala, posamba, popereka moni.

Amalume anamwalira chaka chatha. Kumanda, wolankhula m'malo mwa banja anawatamanda kuti anali munthu woteteza ana amasiye, ndipo anapereka chitsanzo cha mwana wa mlongo wawo amene anakamulanditsa kwa mayi wopeza wankhanza. Anthu anang'ung'udza movomereza, ena n'kumandiyang'ana mwachifundo chomwe chija. Kenako anaitana dzina langa kuti ndikaike nkhata m'malo mwa mbumba yonse. Mkulu wina anandinong'oneza kuti nkhata ya eni mbumba timaika ndi manja awiri. Ndinagwada pamtumbirapo, n'kutambasula manja onse awiri pamaso pa mudzi wonse, kuti aliyense aone pamene lamanja linalekezera.