Tinafupa Mpaka Sewero Linathera Panjira

NDEMANGA YA NAMBALA 63
Wolemba: Lukiyo Benedikito Kalonjere

Kwa awerengi onse olemekezeka,

Ndalemba pofuna kukudziwitsani zimene zinachitika Loweruka lapitali mu holo ina kuno ku Balaka, pamene sewero la nyimbo linaimitsidwa lisanathe. Ine mwini ndinalipo, pa benchi yachitatu kuchokera kutsogolo, ndipo zonse zolembedwa m'munsimu ndinaziona ndi maso anga.

Kwa amene simulidziwa, seweroli limaonetsedwa Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse. Lakhalitsa, moti atsikana amene analiona ali ku pulayimale tsopano amabwera atabereka ana kumbuyo. Nkhani yake ndi yachidule. Mwamuna apita ku Joni kukafuna ntchito, mkazi atsala akudikira, amuna ena ayesa kumufunsira, ndipo pamapeto mwamuna uja abwerera atakalamba. Mawu oyankhula ndi ochepa. Zambiri zimayenda ndi nyimbo, ng'oma ndi gitala. Limayamba 2 koloko masana, ndipo holo imayenera kutulukidwa 5 koloko chifukwa pamakhala ena oigwiritsa ntchito. Lamulo limeneli linamatidwa pachitseko, pamalo poti aliyense wolowa amaliona.

Pafupi ndi ine panakhala mayi wachikulire amene sindinali kumudziwa. Titalonjerana, anati dzina lawo ndi Abiti Saidi ndipo achokera ku Ulongwe.

"Bambo, inu mumalionera kawirikawiri limeneli?"

Ndinavomera.

"Ndiye mundiuze zoona. Che Jafali, telala wa pa Ulongwe, alimo?"

Ndinayankha kuti dzinalo sindikulikumbukira.

"Ndi amuna anga amenewo," anatero. "Lachitatu lililonse amavundikira makina n'kukwera minibasi, ati kukayeserera sewero. Zaka zinayi tsopano. Koma aliyense wa kwathu amene anadzaonera akuti sanawaone. Azilamu anga ayamba kundiseka. Ngati kuno kuli mkazi mnzanga, angondiuza, sindine woyamba. Koma asamandinamize ndi gitala. Lero ndabwera ndidzionere ndekha."

Ndinafunsa mbali imene amunawo amati amasewera. Anati ya mwamuna wobwerera ku Joni.

Mwamuna wopita ndimamudziwa bwino, ndi mnyamata wamtali wa mawu okoma. Wobwerera amakhala munthu wina, wachikulire. Ndinayesa kukumbukira tsiku limene ndinamuona komaliza, ndipo ndinalephera.

Sewero linayamba pa nthawi yake. Zimenezi ndikuzilemba mwadala, chifukwa pambuyo pake ena ananena kuti linachedwa kuyamba. Silinachedwe iyayi.

Nyimbo yoyamba ndi yotsanzikana pa depoti. Woimba asanamalize mzere woyamba, holo yonse inali itamulanda nyimboyo. Amayi atatu anaimirira n'kupita kutsogolo akuvina, aliyense ndalama ili m'manja, kukafupa. Monga mudziwa, munthu wofupa sathamanga. Amayenda pang'onopang'ono kuti onse aone kuti ndi iye, ndipo oimba sangathetse nyimbo iye ali m'njira. Atatuwo atakhala pansi, anaimirira ena asanu. Kumbuyo wina anakuwa kuti, "Ibwerenso!" Inabwereranso.

Kenaka inafika nyimbo ya wogulitsa nyama, amene amabwera kudzafunsira mkazi uja atanyamula mwendo wa mbuzi. Imeneyi ndi ya anyamata a kabaza. Amaimika njinga zawo panja chifukwa cha nyimbo imeneyi yokha. Amadziwa pamene mkaziyo adzamutembenukire, ndipo amayankha mawu ake iye asanatsegule pakamwa. Inaimbidwa kanayi. Paulendo wachinayi wogulitsa nyamayo mawu anali atasasa, koma mnyamata wina anamuika ndalama m'chipewa n'kumuuza kuti, "Musafooke, madala, mbuziyo ndi yanga, ndakugulirani!" Anthu anaseka mpaka ena kugwira m'mimba.

Abiti Saidi sanaseke. Anandifunsa kuti, "Nanga wa ku Joniyo abwera liti?"

"Posachedwapa, mayi," ndinatero.

Pano ndiyenera kulemba mbali yanga, chifukwa lipoti lobisa wolemba wake ndi losakwanira. M'seweroli muli nyimbo ya kalata imene mkazi amaidikira koma siifika. Ine ndinagwira ntchito ya umesenjala kwa zaka zambiri, ndipo kulemba ndinakuphunzirira pa makalata amene ndinkanyamula. Nyimbo imeneyi imandikhudza. Itatha, ndinaimirira, ndinakonza jekete langa, ndinapita kutsogolo, ndinafupa, ndipo ndinapempha mwaulemu kuti ibwerezedwe. Pempho langa linavomerezedwa. Ena anatsatira m'mbuyo mwanga, ndipo inabwerezedwa kawiri. Pobwerera pamalo panga ndinayang'ana wotchi. Inali itadutsa hafu pasiti folo, ndipo mwamuna wa m'seweroli anali asanaganize n'komwe zonyamuka ku Joni.

Patatsala mphindi khumi kuti 5 koloko ikwane, woyang'anira holo anaimirira pakhomo n'kugwedeza makiyi. Mtsogoleri wa gululi, amene amaimbanso gitala, anakweza dzanja ndipo ng'oma zinaleka pakati pa nyimbo.

"Abale ndi alongo," anatero, "nthawi yatithera. Zotsalazo mukuzidziwa kale. Mufike bwino."

Zimene oonera anachita ndi zimene zandichititsa kulemba.

Ambiri anaimirira mosadandaula, akuimbabe nyimbo ya wogulitsa nyama. Anali atalandira chimene anadzera. Ena anakwiya, koma mkwiyo wawo unalunjika kwa woyang'anira holo.

"Achimwene, holoyi anakusiyirani ndi amalume anu?"

"Makiyi amenewo mudzalowa nawo m'manda!"

Munthuyo anayankha kamodzi kokha. "Ine ndinatsegula 1 koloko. Amene wadya nthawi ndi ndani?" Amene ankakuwa kwambiri anali omwe aja a mbuzi.

Panalinso gulu la amayi ochokera kwa Mposa, amene anabwera pa lole ndipo kanali koyamba kuliona. Iwo anakhalabe pansi, poganiza kuti ndi nthawi yopumula. Ataona anthu akukweza mabenchi, mmodzi anafunsa kuti, "Ndiye mwamunayo anabwera kapena anafera komweko?"

Bambo wina wozolowera anamuyankha akumanga nsapato. "Amabwera, amabwera. Amafika ndi sutikesi yopanda kanthu, n'kuimba kanyimbo kachisoni. Basi ndi zomwezo, simunaphonye kanthu."

Awerengi olemekezeka, taonani bwino chiganizo chimenechi. Munthu amayeserera mbali yake Lachitatu lililonse, ndipo wina waimaliza m'mawu khumi akumanga nsapato.

Nditafufuza kwa ozolowera, ndinapeza kuti chaka chino seweroli silinafikepo kumapeto ngakhale kamodzi. Magetsi sanazime. Mvula sinalowe. Palibe amene anadwala. Limaima chifukwa timalikonda. Gawo loyamba lanenepa chaka ndi chaka, ndipo gawo lomaliza lafa ndi njala lili kuseri kwa nsalu. Akuluakulu anati chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma pano wogwa si wokomedwayo. Wokomedwa amapita kwawo akuimba mluzu.

Kodi khalidwe limeneli lili mu holo mokha?

Ndakhalapo pa maukwati amene perekaniperekani anatenga masana onse, akubwerezedwa mtundu ndi mtundu, a kuchimuna, a kuchikazi, anzawo a kumpingo, anzawo a kumsika, mpaka ankhoswe amene anakonza mawu a malangizo anauzidwa kuti angopereka moni. Mkwati ndi mkwatibwi analowa m'banja atavinidwa mokwanira koma osalangizidwa. Ndakhalaponso pa misonkhano ya chitukuko imene malonje ndi kutchulana maudindo zinadya maola awiri, ndipo nkhani ya mjigo wowonongeka, imene tinaitanidwira, inaikidwa pa msonkhano wotsatira. Potuluka tonse tinati msonkhano unayenda bwino. Mjigowo unakhalabe wowonongeka.

Chimene ndaona n'chakuti munthu woikidwa kumapeto kwa ndondomeko amakhala wopanda womuyankhulira. Woyamba amalandira m'manja. Wapakati amalandira ndalama. Womaliza amalandira pepani, ndipo nthawi zina ngakhale pepaniyo safika. Ndipo ife amene tadya nthawi yake timafuna munthu wa makiyi woti timutukwane, chifukwa iye ndi mmodzi ndipo akuoneka, pamene ife ndi ambiri ndipo aliyense anangotenga mphindi zitatu zokha.

Ine ndinatenga zisanu ndi ziwiri. Ndinaziwerenga pambuyo pake.

Sindikunena kuti kufupa kuthe. Ndinapereka maganizo kwa mtsogoleri wa gulu kuti anthu azifupa sewero likatha. Anandiyang'ana ngati akuona munthu amene sanagulepo chingwe cha gitala.

"Bambo Kalonjere," anatero, "munthu amafupa mtima ukatentha. Mukamuuza kuti adikire, ndalama ija ikagula tomato. Ndiye ine ndiwaletse? Ana awa amakwera minibasi ndi chiyani? Komanso nyimbo yomalizayo ndi yolira. Safupa."

Yankho limeneli ndinalimva, ndipo sindinapeze potsutsira. Ndangolilemba monga linaperekedwera.

Tikukambirana zimenezi pakhomo la kumbali, panatuluka bambo wachikulire atavala jekete lakuda lalitali ndi chipewa, sutikesi ili m'manja. Tsitsi lake anali atalipaka ufa kuti lioneke la imvi. Anali atavala choncho kuyambira 2 koloko. Abiti Saidi, amene anali atanditsatira panja, anaima n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Abiti Saidi!" anatero bamboyo. "Mwabwera?"

"Ndabwera."

Mayiyo anasendera pafupi n'kugwira kolala ya jekete, kuitembenuza kuti aone msoko.

"Dzanja ndi lanu ili," anatero. "Ndiye n'zoona, mulimo."

"Ndinkakuuzani."

"Munkandiuza. Ine ndimati mwina kuli mkazi. Akanakhala mkazi, bwenzi ndikudziwa chochita naye." Anasiya kolala ija. "Ndiye zaka zonsezi, Che Jafali, mumatseka makina, anthu akudikira mayunifolomu a ana awo, kubwera kuno kudzavala jekete?"

"Nyimbo ilipo. Ndi yabwino."

"Mwaimba kangati chaka chino?"

Mtsogoleri analowererapo msangamsanga. "Mwezi wamawa, mayi. Mwezi wamawa tidzathamanga, mudzawamva. Mawu ali nawo akuluwa, musawaone chonchi."

"Mwezi watha munatero," anatero Che Jafali, mosakweza mawu.

Anavula chipewa. Anavula jekete, nalikutumula, nalipinda monga apindira atelala, manja m'kati, kolala pamwamba. Anatsegula sutikesi, naika zonse ziwiri mmenemo, natseka, naipereka kwa mtsogoleri ndi manja awiri.

"Mupeze wina woti azikusungirani."

"Che Jafali, tiyeni tikambirane Lachitatu."

"Lachitatu ndikhala pa makina."

Mkazi wawo anali atayamba kale kuyenda. Anatembenuka n'kunena kuti, "Kwende, tiyeni, minibasi ikutisiya." Ananyamuka onse awiri kulowera ku depoti, mkazi patsogolo. Pamsewu anadutsana ndi anyamata a kabaza aja, ndipo mmodzi anawaitanira njinga, osadziwa kuti akuyankhula ndi munthu wa m'sewero limene wangoonera kumene.

Ndinafuna kuwathamangira kuti ndipepese chifukwa cha mphindi zanga zija. Nditaganiza, ndinaona kuti kupepesa kwanga kukanafuna kufotokoza kwakutali, ndipo anthuwo anali ndi ulendo. Motero kupepesako ndakuika m'ndemanga ino, ngati pali wa ku Ulongwe amene angawawerengere.

Mwa zonse zafotokozedwa pamwambapa, zinthu zili motere. Seweroli lidzaonetsedwanso Loweruka lomaliza la mwezi uno, pa nthawi yake ndi pamalo pake. Mtsogoleri wanditsimikizira kuti sasintha chilichonse, ndiponso kuti sakufulumira kupeza munthu wina, popeza mbaliyo siifikidwa. Holo idzadzaza. Nyimbo zidzabwerezedwa. Kuseri kwa nsalu sikudzakhala munthu aliyense wodikira kulowa.

Funso langa kwa inu amene mudzakhalepo, ndi kwa ine amene ndidzakhale pa benchi yanga, ndi ili: ng'oma zikadzaleka ndipo tikadzauzidwa kuti zotsalazo tikuzidziwa kale, ndi ndani mwa ife amene adzazindikire kuti palibenso zotsala?

Ndine wanu pa ntchito yolemba,

L. B. Kalonjere

Yalembedwa ku Balaka, Lachiwiri, tsiku lachitatu la mwezi wa Seputembala.